Mpunga Womaliza wa Adada

Zaka zitatu zimene ndinakhala kunja ndinazithera poyeza timabowo ta m'pulasitiki, tosaoneka ngakhale ndi makina oonera tizilombo. Tinkalowetsa m'pulasitikimo tinthu totchedwa mapozitironi. Kamodzi kakakumana ndi kanthu kena kotchedwa elekitironi, tonse tiwiri timatha pomwepo, n'kusiya kuwala kumene makina amagwira. Koma kakagwera m'kabowo kamachedwa pang'ono kutha, ndipo kuchedwako n'kumene kunkatiuza kukula kwa kabowoko, n'kutithandiza kuona ngati ndi kozungulira kapena kotalika.

Nditabwerera kwathu ku Wovwe ndinayesa kuwafotokozera adada, bambo anga, tili m'munda wa mpunga. Anaima, khasu lili m'manja.

"Yayi, mwana wane. Ndege yonse ija, kukayeza mabowo? Jumbo yobooka ife timangotaya."

Ndinapsa mtima, sindinama. Ndinawauza kuti palibe jumbo yopanda mabowo, kuti mpweya ndi fungo zimadutsa ngakhale mu yatsopano. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandipatsa khasu lija kuti sukulu ipume kaye.

Anamwalira chaka chotsatira, atangokolola. Pambuyo pa maliro mlongo wanga anandipatsa gawo langa la mpunga wawo wa kilombero, ataika m'majumbo atatu, imodzi m'kati mwa inzake, n'kumanga zolimba.

"Kuti fungo lisathawe, achimwene," anatero.

Ine katswiri wa mabowo ndinangoti zikomo. Ndinkadziwa kuti kutentha kwa kwathu kuno kumakulitsa timabowo tija, ndi kuti mpungawo unafunika kuphikidwa msanga. Koma kuuphika kunali kuumaliza, ndipo wina wolimidwa ndi manja a adada sukanapezekanso. Ndinauika pamwamba pa kabati ku Lupembe, kumene ndimaphunzitsa.

Miyezi yoyamba chipinda chonse chinkanunkhira. Ndikaweruka ndinkathamangira kukatseka chitseko n'kukhala pabedi, kumangopuma. Ndinkakondwa, chitsiru ine, chikhalirecho ndikudziwa kuti fungo limene lafika pamphuno ndi limene latuluka m'jumbo, ndipo silibwereramo.

Linayamba kuchepa. Ndinkachita kukwera pampando kuti ndilimve. Kenako ngakhale pampandopo, zii.

Loweruka lina m'mawa ndinadula mfundo zitatu zija n'kulowetsa nkhope yonse m'jumbo. Munalibe fungo la mpunga, la pulasitiki basi. Ndinauphikabe, ndinadya ndekha, ndipo unali ngati mpunga wina uliwonse wogula pamsika. Ndinawasowa adada tsiku limenelo kuposa tsiku limene tinawaika m'manda.