Nsalu ya Maria wafunda mwana wina

Tadala mwana wanga, lero a mpingo wathu adutsanso pa msika wa Mayani ndi ng'oma ndi nyimbo za Khirisimasi. Ine ndangoima pakhonde la golosale, osalowa nawo mu mzere. Nsalu yabuluu ija unafunda chaka chatha pokhala Maria, lero wafunda mwana wina. Ukukumbukira mvula itatipeza panjira? Anthu anabalalika kukausa m'makonde, bulu unakwera uja anakana kuyenda, koma iwe unatsika n'kubisa chidole cha Yesu m'kati mwa juzi yako. Nditakukalipira kuti bwera kuno, unandiyankha mano akugundana ndi kuzizira: "Amayi, mwana anyowe ine ndilipo?" Ndinaseka mpaka misozi.

Malungo anakutenga chimanga chisanaume m'munda, ine nditakugwira dzanja, osatha kuchita kanthu. Lero azimayi a kwaya andipeza pakhonde la golosale paja, akuti, "Limbani mtima, amake Tadala, ali ndi angelo." Ndangogwedeza mutu. Ndabwerera kunyumba nyimbo zisanathe, ndatseka chitseko ndi mawindo, koma ng'oma zikumvekabe. Mwana wanga, angelo ali nawo anzawo ambiri. Ine ndinali ndi iwe wekha.