Dzina la Kumapeto kwa Ndondomeko

Msonkhano wa alangizi a zaulimi a ku Chikwawa ndi Nsanje umachitika kamodzi pachaka, ndipo kuukonza inali ntchito yanga monga mlembi. Inetu pa ntchito sindiseka ndi munthu. Chaka chimene ndikunenachi tinakumana pa boma la Nsanje, ndipo ndinaganizira zonse. Jenereta ndinabwereka, poti magetsi sadalirika. Madzi akumwa ndinaika m'zigubu zokutira ndi masaka onyowa, chifukwa dzuwa la mu Okutobala kuno limachita kuwamba munthu. Ngakhale mbuzi ndinaitanitsa shehe kuti azinge, kuti anzathu achisilamu asadyere masamba okha. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

M'mawa wa tsikulo, ndikulembera anthu pakhomo, anafika mayi wina, mlangizi wa ku Nyachikadza, chitenje chitanyowa mpaka m'maondo. Anatenga ndondomeko, chala n'kumatsetsereka mpaka pansi penipeni pomwe panali dzina lawo: hafu folo madzulo. Anandiuza mosakweza mawu kuti basi, iwo salankhula. Wopalasa bwato amene anawaolotsa Shire anali atanenetsa kuti thu koloko akunyamuka, chifukwa njira ya m'mabango ndi yaitali, ndipo dzuwa likapendeka mvuu zimayamba kutuluka. Zogona paboma sizikanatheka, kunyumba anasiya mwana akudwala.

Ndinawafunsa zimene anabwera nazo. Anati mbewu ya chimanga ndi nyemba imawafika mu Novembala limodzi ndi anthu akumtunda, pomwe kwawoko minda imakhala ili pafupi kumira. Iwo amadzala madzi akaphwa, cha mu Meyi, ndipo pofika nthawiyo mbewu ija imakhala itafumbwa kale. Akuluakulu oona zogawa mbewuwo ankabwera tsiku lomwelo, ndipo kwina kokawapeza mayiwo analibe.

Manyazi anandigwira, abale. Ine wa masaka onyowa uja, osafunsa n'komwe kuti anthu abwerera bwanji kwawo. Safunsa anadya phula, ndipo tsikulo phulalo ndinadya ndine.

Ndinathamangira kwa wapampando wathu, bambo achikulire okonda mwambo, kuwapempha kuti mayiwo alankhule m'mawa. Anakana. Akuti ndondomeko yasindikizidwa kale, ndiponso palibe mlangizi angatsegule pakamwa mlendo wolemekezeka asanalankhule. Mlendoyo, bwana wamkulu wochokera kumtunda, anafika ileveni koloko. Kenako zinayamba zija za ulemu wanu, ulemu wanu, aliyense kuthokoza mnzake ngati pa ukwati. Ine mtima unkangowira. Mayi aja anakhala pa mpando wapakhomo, chikwama chili pamwendo, maso ali pa wotchi yapakhoma.

Wani koloko itadutsa, wapampando anandikodola kuti ndilengeze chakudya. Fungo la mbuzi linali litalowa kale m'holo, anthu ayamba kutseka makope. Ndinagwira chimkuzamawu, ndipo ndinati zivute zitani, kaya andichotsa ulembi, andichotse.

"Pepani nonse, chakudya chidikira pang'ono. Mayi a ku Nyachikadza, bwerani kutsogolo kuno."

Kumbuyo kunamveka kung'ung'udza. Wapampando anandiyang'ana ndi diso lofiira, ine n'kuyang'ana kudenga dala.

Mayiwo analankhula opanda pepala, Chichewa chawo chikupendekera ku Chisena. Anafotokoza mmene madzi amabwerera, mmene amaphwera, mwezi umene khasu limalowa m'dimba, ndi matumba a mbewu amene amangosanduka fumbi ali pa nsanja. Ong'ung'udza aja anatchera khutu. Alangizi awiri a ku Katunga anaimika manja kunena kuti kwawonso kumadimba vuto ndi lomwelo. Bwana uja anatulutsa cholembera, analemba kwa nthawi ndithu, kenako anafunsa ngati wokhumudwa.

"Nanga mayi, nkhani yaikulu chonchi, bwanji simunanene kale?"

"Msonkhano uno ndimabwera chaka ndi chaka, bwana," anayankha. "Koma dzina langa limakhala kumapeto, ndiye ndimanyamuka nthawi yanga isanakwane."

Mayiwo sanayang'ane kwa ine, mwina sankadziwanso kuti wolakwa ndani. Anagwada pang'ono, anatenga chikwama chawo n'kutuluka kuthamangira kudooko osalawa ndi madzi omwe. Anthu anaomba m'manja, ena n'kumandigwira chanza kuti ndachita chamuna. Ine ndinangoyang'ana ndondomeko ija. Ndondomeko za zaka zonsezo ndinkalemba ndine.