Nyundo Imene Don Hermógenes Ankadikira

M'bwalo lokhomera sitima zapamadzi ku Talcahuano munali mwambo umene sunalembedwe paliponse, koma ngakhale wosesa ankaudziwa. Sitima yatsopano ikatha inkagona pamalo otsetsereka, itatchingidwa ndi zipika kuti isathawire m'nyanja nthawi isanakwane. Tsiku loilowetsa m'madzi, akuluakulu akatopa n'kulankhula, mayi wosankhidwa ankaphwanya botolo la vinyo pamphuno pake, ndipo zipika zija ankazichotsa chimodzichimodzi. Chomaliza ankasiyira wantchito wamkulu pa onse, amene akupuma pantchito. Iyeyo ankachimenya ndi nyundo yaikulu, phokoso lake n'kumveka mpaka kumapiri kumene kuli nyumba za antchito, chisitima chonse n'kuyamba kuyenda.

Hermógenes Oyarzo anaona zimenezi koyamba akadali mnyamata wa tsitsi lakuda, atangofika kumene kuchokera ku chilumba cha Quehui ndi mkazi wake Edelmira. Nkhalamba imene inamenya tsiku limenelo inali yopanda mano, koma anthu anainyamula pamapewa ngati mfumu. Hermógenes anabwerera kunyumba maso ali gwa.

"Tsiku lina ndidzakhala ineyo, Edelmira."

"Yambani mwapeza kaye mapoto, bambo inu. Tikuphikira m'chitini."

Anaphunzira kuwotcherera zitsulo, ndipo anadziwadi. Mikono yake inadzaza timabala ta moto, msana unapindika chifukwa chokwawa m'mimba mwa sitima. Komatu moyo wake wonse ankangosoka zigamba. Boma linkagula sitima zankhondo za kaunjika kumayiko a azungu, zimene eni ake atopa nazo, n'kuzibweretsa kuti achina Hermógenes azikonze. Zatsopano zimene bwalolo linkakhoma zinali zing'onozing'ono, ndipo nthawi zonse pankapezeka wina womuposa zaka woti amenye chipika. Iye sankadandaula. Ankangowerenga nkhalamba zimene zili patsogolo pake, ndipo ndinene zoona, pamaliro a ena mwa izo misozi yake sinkachuluka.

Edelmira sanaikonde Talcahuano ngakhale tsiku limodzi. Ankati tauniyo imanunkha nsomba zoola ndi mafuta a injini, ndipo sankanama. Analera ana awiri amene anakula n'kupita ku Santiago, ankaluka masokosi a ubweya wa nkhosa, ndipo Lamlungu ankakazinga zitumbuwa za kwawo zotchedwa milcao pogwiritsa ntchito mbatata zimene achemwali ake ankatumiza pabasi, poti za kumsika ankati n'zamadzi okhaokha. Kwawo kunali nyumba ya matabwa imene makolo ake anamusiyira, yotsekedwa, pamwamba pa doko. Zonse zimene ankagula ankazigulira nyumba imeneyo. Makatani anasoka kalekale n'kuwapinda m'sutikesi. Chaka chimene nyanja inalowa m'tauni n'kukokolola theka la bwalo lija, iye anati, "Mwaonatu, ngakhale Mulungu akuti tizipita." Hermógenes anangovala nsapato zake n'kupita kukafoshola matope.

Mgwirizano wawo unali umodzi: tsiku la penshoni likakwana, basi, ulendo wa ku Quehui.

Matenda a shuga anamugwira Edelmira tsikulo lisanakwane. Anayambira kumiyendo, kenako anakwera m'maso. Poyamba Edelmira ankangophonya ulusi posoka, kenako anayamba kupatsa moni mitengo ya magetsi. Dokotala wa kuchipatala cha ku Concepción sanabise mawu. Anati angathe kuchedwetsa mdimawo koma kuubweza ayi, ndipo ngati pali chimene mayiwa akufuna kuona, achione msanga. Ali m'basi pobwerera, Edelmira anagwira bondo la mwamuna wake.

"Sindikufuna zambiri, viejo, mdala wanga. Ndikaone kwathu ndi maso angawa, basi."

"Tipita, vieja, nkhalamba yanga. Kwatsala pang'ono."

Ndipo kunalidi kutatsala pang'ono. Koma chaka chomwecho cha penshoni, wailesi inalengeza kuti boma lasiya kugula za kaunjika, sitima zankhondo zikhomedwa konkuno, ndi manja a ana a dziko lino. Bwalo lonse linaphulika ndi chimwemwe. Hermógenes atayang'ana uku ndi uku anapeza kuti patsogolo pake palibenso nkhalamba ina. Wamkulu pa onse anali iyeyo. Sitima yoyamba yankhondo, osati kabwato kolondera asodzi ayi, ndipo chipika chake chomaliza chinali chake.

Anapempha abwana kuti asamupumitse kaye, ndipo iwo anavomera mokondwa poti owotcherera odziwa anali ochepa. Kunyumba anakanena atatha kumwa tiyi wamadzulo, maso ali m'kapu.

"Zaka ziwiri zokha. Akuti ziwiri."

"Akuti ndani?"

"Nduna yanena pa wailesi."

Edelmira anati, "Chabwino. Mwadikira moyo wanu wonse, sindingakulandeni." Mawu amenewa ndi amene amandipweteka kwambiri m'nkhani yonseyi. Akanangolalata, akanaponya poto, mwina munthuyo akanadzidzimuka. Koma anamukonda, ndipo iye anatenga chikondicho ngati chilolezo.

Amene sanaonepo boma likugula sitima sadziwa tanthauzo la kudikira. Makampani akunja anabwera kudzapikisana, aliyense ndi kachifaniziro ka sitima yake m'bokosi lagalasi. Komiti inakhala, inaimirira, inakhalanso. Atasankha kampani imodzi, yogonja inathamangira kukhoti. Khoti lisanagamule kunabwera chisankho, ndipo boma latsopano linati liunikenso zonse. Zaka ziwiri zija zinatha chitsulo ngakhale chimodzi chisanadulidwe. Edelmira anasiya kuluka mitundumitundu n'kumaluka zoyera zokhazokha, zimene zala zimadziwa zokha.

Kontilakiti itasainidwa, panabwera nyimbo ina. Ankati sitima zimenezi sizithera pano, mayiko oyandikana nawo adzagulanso, ndipo bwalo lidzakhala ndi ntchito mpaka zidzukulu. Ndiye alendo anayamba kufika, akuluakulu a asilikali apamadzi ovala zoyera mbee, ochokera kumayiko otentha, akunjenjemera ndi mphepo ya kuno. Akamabwera antchito ankapatsidwa maovolosi atsopano, akachoka n'kuwabweza kusitolo. Mlendo wina akati akadakonda mfuti ikanakhala apa, mapulani ankabwerera kwa ojambula, ntchito n'kuima miyezi.

Nibaldo Cárcamo, mnzake wa Hermógenes amene anamuimira mwana paubatizo, n'chifukwa chake ankaitanana kuti compadre, anali atapuma kale n'kumagulitsa nkhanu pa doko. Pakamwa pake panalibe chitseko.

"Compadre, agula zingati lero azibambo oyera aja?"

"Akuganizabe. Zinthu zazikulu sathamangira."

"Aaa, akuganiza! Abwera kudzadya nsomba zaulere amenewo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Inu mutengeni comadre Edelmira muzipita."

"Ikangolowa m'madzi yoyambayi."

"Dzulo mkazi wanuyo anandipatsa moni kuti señora, ngati ndine mzimayi. Ineyo, ndi ndevu zonsezi! Mukumva zimene ndikunenazi, kapena moto uja unakuwotchererani ndi makutu omwe?"

Hermógenes anakwiya, ndipo kwa kanthawi ankazungulira njira ina kuti asadutse pa doko.

Panali chinthu chinanso chimene anayenera kuchiona. Sitimayo sinkakhomedwa pamalo otsetsereka paja. Ankaikhoma zidutswazidutswa m'chinyumba chachikulu chatsopano, ndipo pakhomo pake, m'mphepete mwa madzi, kampani yakunja ija inkamanga chithandala chachitsulo chokwera ndi kutsika ndi magetsi. Zinali m'kontilakiti, ankatero mainjiniya, kuti ogula akunja aone kuti kuno n'kwamakono. Anyamata ankanong'onezana, koma palibe amene analimba mtima kumuuza mkuluyo. Iye mwini sanafunse. Mumtima mwake ankati chithandalacho n'chokwezera sitima zodzakonzedwa, yatsopanoyi adzaikokera potsetsereka nthawi ikakwana, poti sitima sinalowepo m'madzi mwanjira ina chiyambire bwalolo. Mwambo ngati umenewu angauthetse ndani? Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo uyu anali Zengerezu wouma mutu.

Tsikulo linafika zaka ziwiri zija zitabala zinzake zambiri. Edelmira anavala chikhoti chake chopita nacho kutchalitchi, ndipo Nibaldo anamugwira mkono mpaka pa mipando ya mabanja. Panthawiyi n'kuti akungosiyanitsa kuwala ndi mdima. Hermógenes anameta, anavala ovolosi yochapa, n'kupita kwa kapitawo wake kukafunsa kumene nyundo ili. Kapitawoyo, mnyamata wabwinobwino amene Hermógenes yemweyo anamuphunzitsa ntchito, anayang'ana pansi.

"Don Hermo, ndimayesa akuuzani. Palibe zipika lero."

"Nanga ilowa bwanji?"

"Amayi aja adina batani, thandala lizitsika."

Ndi mmenedi zinakhalira. Bandi inaimba, wansembe anawaza madzi, botolo linasweka, mayi wovala chipewa anadina batani. Sitima ija, yotuwa, yokongola moopsa, inayamba kutsika pang'onopang'ono moti munthu sakanadziwa ngati ikuyenda. Anthu anaomba m'manja, anasiya, anaombanso poona kuti sinafikebe. Pakati pa zolankhula anaitana dzina la Hermógenes Oyarzo, wantchito wamkulu pa onse, n'kumupatsa kanyundo kakang'ono konyezimira kokhomera pa thabwa, koti akapachike pakhoma. Anakalandira, anagwirana chanza ndi anthu amene sankawadziwa, n'kupita kukakhala pafupi ndi mkazi wake.

Edelmira anali atapendeketsa mutu, khutu lili kunyanja.

"Mumenya nthawi yanji, viejo? Bandiyi ikusokosa, ndikuopa kuti ndiphonya."

Hermógenes anayang'ana kanyundo kamene kanali m'manja mwake. Nibaldo, amene sanasowepo chonena chibadwire, anatembenukira kumbali n'kumapukuta mphuno.

"Yalowa kale, vieja," anatero Hermógenes.

"Yalowa? Osamenya?"

"Masiku ano samenya."

Mayiyo anafufuza dzanja la mwamuna wake, n'kupeza kathabwa kaja. Anakasisita ndi zala kuyambira kumutu mpaka kumpini, kenako anakabweza pamiyendo pake mwaulemu. Sanamunyoze. Anangoti, "Ndiye tingapite tsopano?"

Azibambo oyera aja sanagule ngakhale imodzi. Ena anakagula kwina kotsika mtengo, ena maboma awo anagwa. Za m'nyuzi zimenezo Hermógenes sanaziwerenge n'komwe. Anagulitsa kanyumba kawo, anakweza katundu pa lole, iwo n'kukwera basi yopita kummwera. Ulendo wonse Edelmira anakhala kuwindo, poti ndi malo amene ankawakonda kuyambira kale, ndipo mwamuna wake analibe mtima womuuza kuti asinthane.

Basi itafika ku tauni ya Castro anakwera boti lopita kuzilumba, lodzaza matumba a ufa, mabotolo a gasi ndi ana asukulu obwerera kwawo. Kunja kunacha bwino modabwitsa, kopanda mtambo, zimene sizichitikachitika kumeneko. Hermógenes zinamuwawa. Kukanakhala nkhungu, bwenzi onse awiri ali chimodzimodzi. Mayi wina wachikulire anamuzindikira Edelmira, anakuwa, anamukumbatira, n'kuyamba kumufunsa ngati waona mmene doko alikonzera. Ataona maso ake anadukiza mawu pakati n'kuyang'ana Hermógenes. Iye anamva zonse m'mayang'anidwe amenewo.

Boti litakhota, chilumba chija chinatulukira chonse, chobiriwira, nkhosa zili mbuu m'mapiri, utsi ukukwera m'madenga. Anthu anaimirira kusonkhanitsa katundu. Hermógenes anaiona nyumba ija pamwamba pa doko, denga litachita dzimbiri, mpanda utagwa mbali imodzi, mitengo ya maapozi itakula mopanda woidulira. Anatembenukira kwa mkazi wake.

"Edelmira, tafika. Ndikuiona nyumba. Kumanja kwake kuli..."

"Ayi, Hermógenes."

"Ndimati ndikuuze mmene..."

"Musandiuze. Chimene ndinachiona ndili mtsikana chikadali m'mutu muno, ndipo n'chokhacho chimene ndatsala nacho. Mukayamba kundiuza zanuzo mundilanda nachonso."

Injini inazima, boti linagunda matayala a pa doko. Edelmira anaimirira, anakonza chikhoti chake, n'kutambasula dzanja m'malere, kumbali imene kunalibe munthu.

"Ingondigwirani potsika, viejo. Masitepe a pano amaterera."