Amayi a M'shedi Anakana Kuti Ndipite

Chizindikiro choyamba ndinachiona mu Januwale, tikuwokera mpunga kusikimu ya Bwanje. Ndikusamba nditaweruka kumunda, ndinamva kanthu kolimba m'bere lakumanzere, kukula kwake ngati mtedza umodzi. Sikankapweteka, choncho ndinakasiya.

Ine ndine Nachisale. Ndimakhala m'mudzi wina kufupi ndi Golomoti ndipo ndili ndi ana anayi. Mwamuna amene ndinali naye nthawi imeneyo, bambo a Tadala, anali wolimbika pantchito koma womenya, makamaka akalawa kachasu. Ndinali nditazolowera kubisa zipsera ndi mpango, ndiye kubisa chotupa sikunandivute.

Pofika nthawi yomweta mpunga, chotupacho chinali chitakula ngati dzira la nkhuku. Nsonga ya bere inalowa m'kati, m'khwapa munatuluka mwanabere, ndipo khungu linalimba n'kuchita timaenje. Nditawaonetsa bambo a Tadala, anati kuchipatala ndisapiteko chifukwa kumeneko amadula mawere. Ananditengera kwa sing'anga wina cha ku Mtakataka. Amayi awiri anandigwira manja, sing'angayo n'kunditema mphini ndi lezala kuzungulira bere lonse. Kenaka anapakamo phulusa lakuda losakaniza ndi mafuta. Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Patapita masabata ochepa mphinizo zinalumikizana n'kukhala chilonda chimodzi chotuluka mafinya. Ntchentche zinkanditsata kulikonse. Kutchalitchi anthu anayamba kusiya mpata pabenchi pamene ndakhala.

Mu Ogasiti, bambo a Tadala atapita kumsika, ndinakwera kabaza ndekha kupita kuchipatala cha mishoni ku Mua. Namwino amene anamasula nsalu pachilondapo sanatembenuze nkhope ngakhale fungo linali loipa. Anangoti, "Mayi, mwachedwa, koma simunachedweretu. Mupite ku Lilongwe sabata yomwe ino."

Ku Lilongwe anadula kanyama kakang'ono kukapima, n'kundiuza kuti ndidikire. Kudikira kumeneko kunali kowawa kuposa mphini. Zotsatira zitabwera, dokotala anandiuza kuti ndi khansa ya m'mawere, ndipo chithandizo chake chili patatu: mankhwala a m'dilipi, opaleshoni, kenaka makina owotcha khansa yotsalira.

Mankhwala a m'dilipi ndinalandira kuyambira nyengo yotentha mpaka mvula itakhazikika. Ndinkapita, kulandira, n'kubwerera kumudzi pa minibasi ndikusanza m'jumbo. Tsitsi linathothoka lonse, nsidze zomwe. M'kamwa munatuluka zilonda, zikhadabo zinada. Mu Malichi anandichita opaleshoni n'kuchotsa bere lonse pamodzi ndi anabere a m'khwapa. Nditabwerera kunyumba, bambo a Tadala anayang'ana pachifuwa panga n'kunena kuti iwo anakwatira mkazi, osati munthu wa mbali imodzi. Tsiku lina ndinalephera kusenza ndowa ya madzi, iwo n'kundimenya chibakera pamsana. Ndinagwera pakhomo chafufumimba, ulusi wa pachilonda usanachotsedwe n'komwe.

Mu Meyi anandiitana kumakina. Popeza chithandizochi n'cha tsiku lililonse, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata angapo, sizikanatheka kuchokera ku Golomoti. Ndinkagona m'shedi ina pafupi ndi chipatala, momwe munkakhala odwala ochokera kutali ndi anthu owadikirira. Ine ndinalibe wondidikirira. Mwana wanga wamkulu anatsala kumudzi kusamala azing'ono ake.

Tsiku loyamba anandijambula n'kulemba timizere ta inki pachifuwa, kuti makina azilunjika malo omwewo masiku onse. Anandichenjeza kuti timizereto tisafufutike. M'chipinda cha makina umagona chagada pakama wolimba, dzanja utalikweza pamwamba pa mutu. Ogwira ntchito akakukonza bwinobwino amatuluka onse, chitseko chachikulu chimatsekeka, umatsala wekha. Makina amazungulira akulira pang'onopang'ono. Sumva kupweteka, suona moto. Mawu amangochokera pakhoma akuti, "Musasunthe, mayi." Zimatha msanga. Chotenga nthawi ndi kudikira pabenchi kuyambira m'mawa.

Pabenchi pomwepo ndinadziwana ndi Asiyatu. Anandimva ndikuuza namwino kumene ndimachokera, n'kundikoka chitenje. "Inu a ku Golomoti? Ine wa ku Mtakataka, kunyanja. Bwerani mukhale apa, achemwali." Anali wocheperapo zaka kwa ine, wogulitsa usipa, woseka mokweza ngakhale analibe tsitsi ngati ine. Iye ndi amene anandionetsa kona ya m'shedi momwe munkagona amayi a khansa ya m'mawere. Gulu lathu linalibe dzina kapena wapampando. Koma tonse tinkamvera aNankhoma, mayi wachikulire wa ku Ntchisi, amene anali atamaliza kumakina ndipo ankadikira kuti dokotala awaonenso.

Zimene anamwino ankatiuza mwachidule, amayiwa ankandionetsa ndi manja. Posamba mnzako ankakuthira madzi pang'onopang'ono ndi kapu kuti inki isachoke. Sopo sankafika mbali yowotchedwa. Tinkavala nsalu zakale zofewa, zomanga molekerera, ndipo amene wamaliza ankasiyira wobwera kumene nsalu yake. Madzulo alionse tinkayang'anana m'khwapa ndi kumsana, malo amene munthu sangadzione yekha. Palibe amene ankapita kumakina yekha. Ngakhale amene walowa kale ankakhalabe pabenchi mpaka womaliza atatuluka.

Masabata oyamba ndinkadabwa kuti anthu amaopa chiyani. Kenaka khungu linayamba kuda ngati mphika wakale, n'kumayabwa. Posakhalitsa m'khwapa munatuluka matuza, anaphulika, khungu n'kuyamba kusendeka. Pansi pake panali nyama yofiira yonyowa. Nsalu ikamatirira, Asiyatu ankainyowetsa ndi madzi owiritsa a mchere monga anamwino anatiuzira, n'kumaichotsa pang'onopang'ono ine nditaluma mpango. Mawa lake ine ndinkamuchitira iye zomwezo. Kumeza chakudya kunkapweteka, ndipo thupi linali lotopa ngati ndalima dimba lonse.

Tsiku lina ndinamanga katundu wanga kuti ndithawe. ANankhoma sanandikalipire. Anamasula nsalu yawo, anagwira dzanja langa n'kuliika pachifuwa pawo. Khungu linali lakuda koma louma, losalala, latsopano. "Panali ngati panupo," anatero. "Masulani katunduyo." Ndinamasula.

Zoopsa zinachitika Loweruka masana, nditatsala ndi sabata imodzi kuti ndimalize. Tinali pampopi tikuchapa. Nditatukula mutu ndinaona bambo a Tadala ataima pamaso panga, maso ali psuu, akununkha mowa.

"Mpunga ukuthera mbalame m'munda, iwe uli phee kuno kumangodya za ulere. Nyamuka."

Ndinawayankha mwaulemu kuti kwatsala pang'ono, ndipo dokotala anati ndikadukiza matenda abwerera. Sanamve. Anandigwira dzanja lakumanzere, la mbali yopsayo, n'kulikokera m'mwamba mwamphamvu. Ndinamva m'khwapa mukung'ambika. Nsalu imene inamatirira pachilonda inachoka pamodzi ndi khungu. Ndinagwa, iwo n'kuyamba kundikhwekhwereza pamiyala kulowera kugeti. Nditakakamira chitsulo cha mpopi, anandiponda zala ndi nsapato n'kundimenya theche m'nthiti. Magazi ndi madzi a m'chilonda zinayenderera mpaka m'chiuno.

Woyamba kufika anali Asiyatu. Anawamenya ndi ndowa yachitsulo pamsana. Iwo anatembenuka n'kumuwomba khofi limene linamugwetsera mbali yake yopsa. Kulira kumene analira Asiyatu sindidzakuiwala. Kunatulutsa amayi onse m'shedi.

Anabwera akuthamanga mmene akanathera, ena akutsimphina, mipango itagwa, mitu ili mbee. ANankhoma anaima pakati pa ine ndi mwamunayo. Anamasula nsalu yawo n'kuiponya pansi, chifuwa chili pamtunda, chipsera chikuoneka kuchokera pakati mpaka m'khwapa.

"Menyani pano, bambo," anatero. "Mpeni wapitapo, moto wapitapo. Onjezani dzanja lanulo."

Amayi enanso anamasula nsalu zawo. Bambo a Tadala anabwerera m'mbuyo pang'ono, koma kenaka anatukwana n'kuwakankha aNankhoma pachifuwa pomwepo. Apo mpamene amayi anawagwera. Wina anali ndi chikuni, wina nsalu yonyowa yopota, wina anawaluma padzanja osasiya. Anawagwetsera m'matope a pampopi, n'kuwakhalira miyendo ndi manja. Anthu odwala, ena osatha kumaliza mbale ya phala, anagwira mwamuna wamphamvu mpaka analeka kuphiriphitha. Pamphumi pa bambo a Tadala panatuluka magazi.

Ine ndinadzuka. Pafupi panali njerwa yoikirapo ndowa. Ndinainyamula ndi manja onse awiri n'kuima pamutu pawo. Ndinkaona bwinobwino pamene ndikanamenya. ANankhoma anandigwira mkono.

"Ikani pansi, mwana wanga. Lolemba mukufunika kumakina, osati kupolisi."

Ndinaisiya njerwayo. Alonda anafika n'kuwatenga bambo a Tadala, kenaka anawapereka kwa apolisi. Aka kanali koyamba kuti ndifotokozere munthu wa boma zimene zinkandichitikira m'nyumba mwanga. Amayi atatu anapita nane kukachitira umboni, mmodzi wa iwo Asiyatu, mlomo uli wotupa.

Dokotala atayang'ana chilondacho anati tiyambe tapumira masiku ochepa kuti chiume. Nthiti sizinathyoke, koma zala ziwiri zinatupa kwambiri. Anamwino ankanditsuka m'mawa uliwonse, ndipo amayi a m'shedi ankandiphikira, kundichapira ndi kundidyetsa. Asiyatu naye chilonda chake chinakula chifukwa cha kugwa kuja. Nditamupepesa anaseka, akugwira mlomo. "Wallahi, achemwali, ndowa ija ndikanaidzaza madzi kaye."

Tsiku lobwerera kumakina, kukweza dzanja pamwamba pa mutu kunali ngati akung'ambanso m'khwapa. Misozi inkalowa m'makutu koma sindinasunthe. Nditatuluka ndinapeza amayi onse ali pabenchi, ngakhale amene tsiku limenelo analibe chowadzutsira. Anachita chimodzimodzi mpaka tsiku langa lomaliza. Nsalu yanga yofewa ndinasiyira mayi wina wa ku Kasungu amene anali atangofika kumene, akulira.

Kumudzi ndinapeza amayi a mphakati wathu wa kutchalitchi atamweta mpunga umene mbalame zinasiya. Sunali wambiri, koma tinadya. Bambo a Tadala anali atatuluka kupolisi. Popeza iwo anali mkamwini pamudzi pathu, ndinaitanitsa ankhoswe n'kuwaonetsa m'khwapa ndi zala. Sipanakhale zokambirana zambiri. Anatenga njinga ndi zovala zawo n'kubwerera kwawo.

Asiyatu anamaliza kumakina patapita sabata, ndipo tinkayenderana. Ndinkamupititsira mpunga, iye n'kundipatsa usipa. Koma iye anafika kuchipatala matenda atapita kale patali kuposa anga. Chaka chotsatira anayamba kudandaula msana, kenaka chifuwa, ndipo madokotala anapeza kuti khansa yalowa m'mafupa. Ndinamusamala masabata ake omaliza pamodzi ndi amayi ake. Anamwalira m'nyengo yotentha. ANankhoma anamva uthenga pafoni, anakwera minibasi kuchokera ku Ntchisi, ndipo tinakhala limodzi pamaliropo.

Ine lero ndili bwino. Tsitsi linamera, khungu linapola ngakhale ndi lakuda komanso lolimba. Dzanja lakumanzere limatupa ndikagwira ntchito yolemetsa, choncho ndimalima pang'ono n'kupuma. Ndimamwa piritsi limodzi tsiku lililonse, ndipo ndimapita ku Lilongwe kukapimidwa nthawi imene andiuza. Mpaka pano sanapeze kanthu. Ndikapita ndimadutsira kushedi kuja. Nkhope zimakhala zachilendo, koma amathiranabe madzi ndi kapu. Ndikapeza amene wamanga katundu kuti athawe, ndimamuonetsa chifuwa changa.

Amayi anzanga, muzidzigwira mawere anu posamba. Mukamva chotupa, mukaona nsonga yalowa m'kati kapena ikutuluka magazi, pitani kuchipatala sabata yomweyo, ngakhale pasakupweteka. Musalole lezala pabere lanu. Mukayamba chithandizo musadukize, ngakhale khungu lipse, pakuti limapola. Mukafika pabenchi musakhale panokha, funsani dzina la mayi amene mwayandikana naye. Ndipo musadikire chilolezo cha munthu aliyense kuti mukapimidwe. Amene akukuletsaniyo sadzagona nanu m'manda.