Zitsononkho za Pamaliro

Inu amene mukuona ngati zonse zakutherani, imani kaye mumve za Yunike wa pa boma ku Lundazi.

Mwamuna wake, Danwell, atamwalira, abale ochokera ku Kapichila anadzaza nyumba. Analira mokwanira, anaimba mokoma, koma chimbudzi cha madzi sankachidziwa. Anachita monga amachitira kumudzi: ukamaliza, chitsononkho n'kuponya momwemo. Maliro pomatha, chimbudzi chinali chitatsekeka, thanki ikuchucha, fungo litafika mpaka pabalaza.

Chimbudzi chimenechi Danwell ankanyada nacho. Anachiika chaka chimene fodya anamukomera, ndipo mlendo akabwera ankayamba wamuonetsa asanamupatse mpando. Loweruka masana ankavundukula thanki uku akuimba mluzu nyimbo za kwaya, Yunike atamugwirira sipanala n'kumamuseka kuti wakwatira mitala. Anali masiku okoma amenewo.

Tsopano mkulu wake wa Danwell, Amock, anaima pakhomo atagwira mphuno.

"Mulamu, nyumba ya pa boma ifuna mwamuna," anatero. "Onani, maliro yangosila, yaonongeka kale. Tikakolola nizabwela na ngolo, mukankhale kumunzi. Muno tizaikamo munthu wina."

"Yewo, alamu, namvela," anayankha Yunike.

Amock sanali woipa mtima. Ng'ombe ankazidziwa bwino, akazi amasiye ayi. Koma kwa Yunike kuchoka m'nyumbamo kunali ngati kumuikanso Danwell m'manda. Analira, misozi itauma anamanga chitenje m'chiuno.

Anayamba ndi madzi otentha a sopo. Madziwo anakwera, n'kusefukira pansi ponse. Anayesa waya, ndipo wayayo anangokankhira zitsononkho mkati. Anakhala pansi ponyowapo manja ali m'khosi.

Ali pomwepo anakumbukira mawu amene mwamuna wake ankakonda kunena: "Usalimbane na manzi, yamba wavala pompi." Kuvala kumene ankanenako ndi kutseka, choncho anatseka mpopi wa kuseri kwa chimbudzi, ndipo kuchucha kuja kunaleka. Anakumbukiranso kuti Danwell sankathera mkati mokha. Ankazungulira kuseri kwa nyumba, pamene pali chivundikiro cha simenti pamwamba pa paipi.

Yunike anachitukula ndi khasu. Anavala majumbo m'manja, n'kuyamba kusolola zitsononkho chimodzichimodzi. Anasanza, anatsuka mkamwa, anabwereranso. Anthu odutsa ankatembenuza nkhope, ena n'kumanong'ona kuti maliro amuzunguza mutu. Iye anangopitiriza kusolola, mpaka madzi anayenda.

Inatsala thanki. Kalabala kotsekera madzi mkatimo kanali katatha. Njinga ya Danwell inali chitsamire pakhoma, ndipo Yunike anaipepesa mumtima asanadule chubu chake. Kachidutswa koyamba kanachepa, kena kanakula. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Anadulabe mpaka kanakwana, kenako anapinda pang'ono kachitsulo kogwira mpira woyandama kuti madzi azilekeza asanasefukire.

Atatsegula mpopi n'kukoka chogwirira, madzi anakhuthuka, thanki inadzaza, n'kukhala chete. Phokosolo linali lomwe lija la Loweruka masana. Yunike anamusowa mwamuna wake kuposa tsiku la maliro, komabe anaseka.

Atakolola, Amock anafikadi ndi ngolo. Ulendo ndi thobwa la m'njira zinamuthamangitsira kuchimbudzi asanamalize n'komwe moni. Potuluka anayang'ana uku ndi uku.

"Mwaitana ndani kukonza?"

"Kulibe, alamu. Ni manja yamene aya."

Amock anavula chipewa.

"Mufana wanga anali kukamba kuti muli na mutu," anatero. "Nenze kuganiza ni chikondi chabe. Nkhalani, mulamu. Nyumba ili na mwine wake."

Anamutsitsirako Yunike chimanga chimene anabwera nacho kudzagulitsa, n'kutembenuza ng'ombe zake.

Lero Yunike ali m'nyumba yomweyo. Amayi a kutchalitchi thanki ikawavuta amabwera kwa iye, ndipo sawakonzera. Amawapatsa sipanala, iye n'kuima pambali kumawalozera.

Mwina inunso pali amene wakuuzani kuti nokha simungathe, ndipo mwayamba kumukhulupirira. Chimene chakuonongekeranicho chiyang'aneni kaye ndi maso anu, muchigwire ndi manja anu, ngakhale chikununkha. Musataye mtima, abale anga, musapakire katundu musanayese.