Mmene Atsibweni Anathiririra Maluwa a Bambo

Atsibweni anga, alongo awo a mayi, anali munthu wodziwa zonse. Mvula ankaidziwa, ndale ankazidziwa, matenda a ng'ombe ankawadziwa ngakhale analibe ndi mbuzi yomwe. Anamwalira kale, koma ndikawakumbukira ndimatsonyabe, ndipo sindichita nazo manyazi.

Bambo anga anali mkamwini pamudzi pathu, cha ku Chiosya. Kwawo kunali ku Mulanje. Anabwera ku Mchinji ali mnyamata, kutsatira makolo awo amene anali matenanti pa esiteti ya fodya. Fodyayo iwo sanamukonde. Anapeza ntchito yosamalira maluwa kunyumba kwa manejala, ndipo kumeneko ndi kumene anakumana ndi zomera zimene zinawadya mtima moyo wawo wonse: zija za masamba onenepa, zosunga madzi m'thupi mwake. Zina zinali zaminga, zina zozungulira ngati dzungu, zina zotuwa, zina zokhala ndi ubweya woyera. Pamudzi pathu anthu ankadziwa nkhadze ya mpanda ndi khonje wa zingwe basi. Zina zonsezo ankangoti minga.

Atakwatira mayi, atsibweni monga mwinimbumba ndiwo anawalozera malo olima. Munda wa chimanga unali wa mayi, umenewo sakanaukhudza. Koma bambo atapempha kamalo koti adzalepo maluwa awo, atsibweni anawapatsa kaphiri ka kuseri kwa nyumba, pamiyala yokhayokha, pamene ngakhale udzu unkamera monyinyirika. Anachita dala kuti anthu aseke. Bambo anawomba m'manja n'kuthokoza ndi mtima wonse, chifukwa malo amene ankawafuna anali omwewo.

Ine ndinakulira pakaphiri pamenepo. Ndinkawaona akusakaniza mchenga wa kumtsinje ndi nsangalabwi ndi makala opera. Akadula kanthambi sankakadzala tsiku lomwelo ayi, ankakagoneka pamthunzi mpaka bala litauma. M'nyengo ya dzinja ankamanga timadenga ta pulasitiki kuti zina zisamavumbwe kwambiri, ndiye anthu odutsa popita kumunda ankagwa nacho chiseko. Mlimi wanji wobisa mbewu zake kuti mvula isazione? Loweruka ankapalasa njinga mpaka kumapiri a m'malire kukafuna mitundu ya alovera ya kutchire, ndipo amalonda ochokera ku Chipata ankawabweretsera timaphukira atatikulunga m'nyuzipepala. Chilichonse ankachidziwa kumene chinachokera ndi amene anawapatsa. Nyengo yozizira ikafika, kaphiri konse kankafiira ndi maluwa, timbalame tili piringupiringu.

Atsibweni ankawatchula kuti mlimi wa minga. Pamowa, pamaliro, ngakhale potuluka m'tchalitchi, nkhani inali yomweyo. "Alamu, chaka chino mwakolola ngolo zingati za minga?" Bambo ankangomwetulira. Ine ndinkapsa mtima, koma mayi ankanditsina kuti ndikhale chete.

Itafika nthawi ya matipate, aliyense atayamba kulima fodya wa bale momasuka, atsibweni anakolola bwino chaka chimodzi n'kugula jekete lachikopa ndi wayilesi yaikulu. Abale inu, jekete lija linkavalidwa ndi mu Okutobala momwe, thukuta lili kamukamu. Kuyambira pamenepo anasiya kuyankhula ngati munthu, anayamba kuyankhula ngati mlangizi. Koma nthawi yomweyo ndi imene magalimoto anayamba kufika pakhomo pathu. Anthu a m'mahotela a ku Lilongwe ndi azimayi a nyumba za mipanda ya njerwa anali atamva kuti ku Mchinji kuli bambo wina wa maluwa osafuna madzi. Ankakwera kaphiri ndi nsapato zawo zazitali, n'kutsika atanyamula zitini. Atsibweni ankaima patali, manja kumbuyo, akuwerenga zitinizo ndi maso. Nthabwala za minga zija zinatha popanda woziletsa.

Kenaka mayi anadwala, ndipo sanakhalitse. Ine apo n'kuti nditakwatiwa, ndili ndi mwana kumsana, nyumba yanga ili pafupi ndi ya makolo. Mwambo wathu ndi wodziwika: mkazi akamwalira, akuchikazi amasudzula mwamunayo, kumumasula kuti abwerere kwawo. Koma munthu amene wakalambira pamudzi, wabereka ana, waika maliro a anthu ambiri a pamudzipo, kawirikawiri amamuuza kuti khalani, muzilera ana anuwa. Palibe amene ankayembekezera zina. Atsibweni okha ndiwo anali ndi changu. Tisanaiwale n'komwe kulira, anaitanitsa akuluakulu pansi pa mtengo wa mango.

"Alamu, takumasulani," anatero. "Ntchito imene munabwerera kuno yatha. Mukapume kwanu."

Bambo anavula chipewa. "Ndamva, alamu. Koma kwathu ndinachokako ndili mwana. Mutandilola, ndingokhala pakaphiri pomwepa. Sindivutitsa munthu."

"Mwambo si ine ndinaupanga."

Ha! Munthu amene sankapita ndi kudambwe komwe, lero ndiye mlonda wa mwambo. Kenaka bambo anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti adule timaphukira, kamodzi pa mtundu uliwonse, akayambirenso kwawo. Sanapemphe ndiwo zamasamba kapena nkhokwe. Timaphukira basi, toti tikanakwana m'thumba limodzi.

"Kodi pochoka ku Mulanje munabwera ndi dothi?" anafunsa atsibweni. "Chomera panthaka ya kuno n'cha kuno."

Ndinaimirira kuti ndiyankhule, azakhali anandikoka chitenje. Akuluakulu ena aja anangoyang'ana pansi, amantha okhaokha, poti onse ankabwereka ndalama kwa atsibweni. Bambo anachoka ndi njinga yawo ndi bulangete. Pondisiya pamsewu anandiuza kuti, "Mwanawe, ukawauze asamazivutitse. Azingozisiya, zidzisamala zokha."

Kuzisiya? Atsibweni? Sabata isanathe anakwera kaphiri atavala jekete lawo, n'kuyendera munda wonse akupukusa mutu. Ati mkamwini uja anali waulesi. Ati taonani mbewu za ndalama akuzizunza pamiyala, popanda manyowa, popanda madzi, n'chifukwa chake zimakula pang'onopang'ono. Iwo monga katswiri wa nazale ya fodya aonetsa anthu mmene mbewu imaleredwera.

Anakonza mabedi kudimba, m'dothi lakuda la kudambo limene ukaponda madzi amatuluka m'mbali mwa phazi. Anazula chilichonse pakaphiri paja, zazikulu zimene zinali zakale kuposa ine ndi tating'ono tomwe, n'kuzitutira kudimbako pangolo. Anazidzala m'mizere yowongoka ndi chingwe. Anathira feteleza. Anaphimbira mabedi ndi udzu kuti chinyezi chisathawe, monga amachitira ndi fodya akangomufesa. Ndiye kuthirira kwake! M'mawa makeni, madzulo makeni, tsiku lililonse osadumphitsa, ndi Lamulungu lomwe. Akazi awo anatupa mapewa ndi kutunga madzi, iwo ataima pamwamba pa chulu akuloza ndi ndodo.

Ndinapita kudimbako ndekha. "Atsibweni, zimenezi sizifuna madzi chonchi. Ziola. Bambo ankatha mwezi osazithirira."

"N'chifukwa chake bambo akowo anafera pa njinga," anayankha, ngati kuti bambo anamwalira. "Ine ndafesa fodya iwe usanabadwe. Mbewu iliyonse ndi madzi ndi feteleza. Pita ukayamwitse mwana."

Ndinali nditabisa tizitini tingapo kuseri kwa nkhokwe yanga. Wina anakawatsina khutu, ndipo anabwera okha kudzatitenga, akunena kuti ndikuba chuma cha mbumba. Mwamuna wanga, nayenso mkamwini, anangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Poyamba zinthu zinaoneka ngati zawayendera. Zomera zija zinamwa madzi n'kufufuma, kubiriwira moti waa. Atsibweni ankaitana aliyense wodutsa, ngakhale wopita kuchigayo, kuti adzaone. "Mwaona? Mwezi umodzi wokha m'manja mwa mlimi weniweni!" Kenaka masamba a m'munsi anayamba kuchita chikasu. Iwo anati ndi njala, n'kuwonjezera feteleza. Masamba anayamba kufewa n'kugwa okha. Iwo anati ndi ludzu, n'kuwonjezera ulendo wa masana wothirira. Mutu umenewo, abale! Mbewu ikumira, iwo akuithira madzi ena kuti ipulumuke. Ndiye mvula inagwa, dambo linadzaza.

Fungo lake sindidzaliiwala. Linkafika mpaka kuchitsime, ngati maungu oolera m'munda. Galimoto ina inabwera kuchokera ku Lilongwe, muli mayi wina amene ankakonda kugula kwa bambo. Atsibweni anathamanga kukavala jekete n'kumutsogolera kudimba. Mayiyo anaima m'mphepete, anatseka mphuno ndi mpango, anafunsa kumene kuli bambo a maluwa aja, atamva anabwerera kugalimoto. Magalimoto anathera pomwepo.

Mukuganiza kuti atsibweni anachita manyazi? Ayi ndithu. Anayamba kuuza anthu kuti mkamwini uja pochoka anasiya mankhwala pakaphiri, anazitemberera kuti wina asadyerepo. Ati anthu a ku Mulanje ndi otero. Ndipo anapezeka ena omvera, akugwedeza mitu. Munthu wapha munda ndi manja ake, dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona makeni akupita ndi kubwera, koma wolakwa ndi amene ali kutali.

Chaka chotsatira tinakonza zomanga chiliza pamanda a mayi, ndipo bambo anayenera kubwera. Ndinatuma uthenga kudzera kwa mayi wina wogulitsa nsomba zouma amene ankayenda ku Mulanje, kuti akawauze za tsikulo, komanso akawauze mosabisa kuti munda uja kulibenso. Koma mukudziwa mmene timaperekera uthenga woipa. Munthu atamwalira timati wadwala kwambiri. Mayi uja, pomvera chisoni nkhalamba, anakangowauza kuti maluwa aja akudwaladwala kuchokera pamene anawasamutsira kudimba.

Bambo anafika ataonda, tsitsi litayera, atakwapatira kathumba. Mwambo wa kumanda utatha, anthu akudya, anandikodola kuti ndiwaperekeze. Tinayamba pakaphiri. Panali maenje okhaokha ndi ndowe za mbuzi. Tinatsikira kudimba. Mabedi anali akadalipo, owongoka bwino, udzu wophimbira utaolera pamwamba. Bambo anagwada n'kuyamba kufukula ndi manja, bedi ndi bedi, pofuna kamuzu kapena katsamba kamene kanatsala ndi moyo. Ankati zimenezi sizifa msanga, katsamba kamodzi kouma kakhoza kudzutsa munda wonse. Anapeza chitsa cha chomera china chozungulira, chachikulu kuposa zonse, chimene anachilera kuyambira ali kwa manejala. Pamwamba chinkaoneka cholimba. Anachidina ndi chala, chala chinalowa chonse.

Atsibweni anatitsatira, akutokosa m'mano. Analibe ndi chisoni chomwe. "Alamu, mankhwala anu aja ndi amphamvu," anatero. "Ine ndinayesetsa. Palibe tsiku limene zinagona ndi ludzu."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwasambitse chokweza, jekete lawolo ndi uchitsiru wawo womwe, koma bambo anandiyang'ana, ndipo ndinameza mawu. Anaimirira pang'onopang'ono, napukuta chala paudzu.

"Ndaona, alamu," anatero. "Munagwira ntchito."

Atsibweni anagwedeza mutu, kulandira ngati kuti ayamikiridwa. Mpaka kufa kwawo ankauza anthu kuti mwiniwake yemwe anavomereza kuti iwo analimbikira.

M'mawa mwake ndinawaperekeza bambo kumsewu kukadikira matola. Ndinawafunsa ngati ku Mulanje angapezeko zina zoti ayambirenso. Anati kumeneko mvula ndi yambiri, malo ndi a alongo awo, ndipo miyendo yopalasira njinga kumapiri inatha. Galimoto itaonekera patali, anatsegula kathumba kawo n'kutulutsa thumba lina lachiguduli, latsopano, lopindidwa bwinobwino, m'kati mwake muli nyuzipepala zodulidwa kale tizidutswa tokulungira timaphukira, ndi kampeni kakang'ono konoledwa.

"Tenga, mwanawe," anatero. "Uziikamo mtedza."