Mphepo ya M'bondo

Mboni zanga ndi zitatu: mkazi wanga, dikoni wa mpingo wathu, ndi dalaivala wa teksi amene anatitenga. Akakana, dziwani kuti akundichitira manyazi.

Abwana anga a ku Garsfontein, komwe ndimasamala gadeni, anandibwereketsa ngati wilibala. Kunabwera madokotala ongodzipereka ochokera ku China, ochiza pobaya tisingano m'thupi, ndipo ankapita kumapulazi a kum'mawa kwa Pretoria, kumene Amalawi anzathu amalima masamba. Ankafuna womasulira. Ndinawauza kuti Chingerezi ndimachidziwa moti agalu a abwana amandifunsa matanthauzo. Zoona izi.

Tinayala mabedi m'shedi ya kabichi. Tisinganoto n'toonda ngati tsitsi. Bambo wina anagona nato tambirimbiri kumsana, akuoneka ngati nungu yodikira ubatizo.

Kenako kunafika mayi wina wachikulire wa ku Thyolo, akukoka mwendo. Amene anawagwira mkono anali mlamu wawo wamasiye, amene ankakhala nawo m'kanyumba kamodzi ka malata. Mlamuyo analibe mapepala, analibenso kwina kopita mu Joni monse muno.

Dokotala, mtsikana waulemu, anawagwira pamkono, anayang'ana lilime, n'kufotokoza. Kwawoko amati nyamakazi imayamba mphepo yozizira ikalowa m'thupi.

"Akuti chiyani, achimwene?" anafunsa mayiwo.

"Akuti m'bondomo mwalowa mphepo, Amayi."

Anthu onse m'shedimo anayang'anana. Ine osazindikira, ndili kalikiliki kukonza tayi. Chonsecho ndinabadwira kumudzi, ndikudziwa bwino kuti kwathu munthu akalowedwa mphepo, nkhani si ya nyengo. Pali amene waitumiza.

"Afunseni ikuchokera kuti."

Dokotala anamva za nyumba ya malata ija, n'kunena kuti mwina pogona pawo pamalowa chisanu.

"Akuti ikuchokera pomwe mumagonapo. Pafupi kwambiri."

Mayiwo anachotsa dzanja la mlamu wawo pamkono pang'onopang'ono, ngati akuchotsa mbozi.

Lamlungu lake dikoni anandiuza kuti katundu wa mlamuyo waponyedwa panja. Ndinathamangira kupulazi kuja.

"Amayi, pakamwa panga ndi pomwe panalakwa. Ankanena mphepo yeniyeni, iyi youlutsa zovala pachingwe."

"Yakupatsani zingati mfitiyo?"

"Eish, Amayi! Onani mpata wa malatawu. Mbuzi ingadutse osapinda nyanga."

"Mpatawo ndi wakale. Koma chichokereni iyeyo, taonani."

Anaimirira, anavina pang'ono, anagwada, anadzukanso. Bondo linali litachiradi. Nditasuzumira m'kati ndinaona kuti asuntha matiresi awo kupita pomwe ankagona mlamu uja, kungodya kosafika chisanu. Ndinawalozera ndi chala, ndikufotokoza ngati mphunzitsi.

"Mwana wa ku China uja sananame," anatero. "Inuyonso tsiku lija simunaname. Bodza mwaliyamba lero."

Madokotala anali atakwera kale ndege, atandisiyira chithunzi tikumwetulira tonse. Dikoni anayesa kawiri kukawanyengerera mayiwo, anabwerako ndi kabichi basi.

Mlamuyo tinamutenga ife. Amagona kukhitchini kwa kachipinda kathu ku Silverton, mapazi ali pansi pa tebulo. Sanandikalipirepo ngakhale kamodzi, ndipo chimenechi ndiye chowawa. Amangoti foni yake ikalandira uthenga wa Chingerezi, amandidutsa mwaulemu, akuwerama, n'kukagogoda kwa Mzimbabwe wa khomo loyandikana nafe.